Kuperekeza Bambo Lenard

Sewero la azungu lija ine sindinalikondepo ngakhale tsiku limodzi, ndinene poyera. Anthu asanu ndi mmodzi ali mu ofesi yogulitsa maambulera ku Mangalande, dziko loti mvula imagwa chaka chonse, koma malonda osayenda. Nanga si uchitsiru umenewo? Ntchito yawo kunamizana, kubisirana makapu a tiyi ndi kuyang'ana wotchi yapakhoma, ndiye kumbuyo kumamveka anthu osaoneka akuseka ngati wina akuwagirigisha m'khwapa. Ine mano osaonetsa n'komwe. Koma gawo lomaliza la sewero limeneli ndinaliona kambirimbiri, moti ndikhoza kukulakatulirani mawu ake onse ndili mtulo, chifukwa Bambo Lenard ankaliika pa TV tsiku ndi tsiku ikangokwana hafu folo.

Ndine Tayamika. Kwathu ndinali namwino komanso mzamba, munthu woti ndikamadutsa pamsika amayi ankandiloza kuti uyo ndi amene anandichiritsa. Kuno ku Perth ndimasambitsa ndi kudyetsa okalamba kunyumba ina yowasamalira ku Rockingham, m'chigawo cha anthu amene mutu unayamba kuiwala. Chigawochi chili ndi chitseko chimodzi chokha chotulukira, ndipo chimatseguka ukadina manambala anayi. Ife antchito manambalawo timawadziwa. Okalamba khumi ndi asanu ndi atatu okhala mkatimo sawadziwa.

Musaganize kuti podziwa manambala ndiye kuti ine ndinali mfulu, ayi. Viza yanga inamangiriridwa pa kampani ya nyumbayi monga mbuzi pachikhomo. Atandichotsa ntchito lero, ine, amuna anga a Jailos ndi mwana wathu wamkazi Mwawi tiyamba kuwerenga masiku otsala m'dziko muno. Koma ukaigwirira kampaniyo zaka ziwiri popanda chilema, imakusainira fomu yopemphera PR, pepala lija loti ukhale kuno mpaka kalekale osanjenjemeranso bwana aliyense. Zimene ndikufotokozazi zinandigwera patatsala milungu isanu kuti zaka ziwirizo zikwane. Milungu isanu, abale!

Bambo Lenard anali mkulu wa zaka makumi asanu ndi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, wamtali, wowerama pang'ono. Anabwera kuchokera ku Mangalande pa sitima yapamadzi ali mnyamata, n'kukhala kalaliki pa kampani ina ya zombo ku Fremantle zaka makumi atatu ndi zinayi, pa desiki imodzimodziyo. Anzanga onse ankangowaitana kuti Len, Len, ngati akuitana mwana wa sukulu. Ine lilime linkakana. Munthu wamkulu kuposa bambo anga ondibereka ndimutchule dzina lodula? Ndinkati Mr Lenard, iwo n'kumanditchula Miss Taya, chifukwa m'mutu mwawo ine ndinali mnzawo wa mu ofesi. Mwana wawo Martha ndiye anawagulira bokosi lonse la ma DVD a sewero la maambulera lija, koma iwo ankangofuna lomaliza basi.

M'gawo lomalizalo kampani yagwa, ndipo kalata yabwera yoti ofesi itsekedwa Lachisanu faifi koloko. Bwana wawo, kankhalamba kamantha kamene kamabisala m'chipinda cha katundu foni ikalira, kanalemba mawu otsanzikira koma kataya pepala, ndiye kakuwawerengera anzake mitengo ya maambulera uku kakupukuta misozi. Aliyense akupatsidwa ambulera ngati mphatso. Akuyang'ana pawindo, kunja kwawala dzuwa. Apo anthu osaoneka aja amaseka mpaka kutsokomola. Koma mphindi zisanu zomaliza saseka, kumangoti zii. Antchito aja amavala majekete, kugwirana chanza, n'kumatuluka mmodzimmodzi. Wotsiriza ndi kalaliki wina amene wakhala akuopseza kuti asiya ntchito kuyambira kalekale, koma tsopano miyendo ikumukanira. Amaima, amayang'ana madesiki, amazimitsa magetsi, n'kutseka chitseko.

Chitseko cha pa TV chikangotsekeka, Bambo Lenard ankaimirira. Ankavala jekete lawo lotuwa, kutenga kachikwama kachikopa kopanda kanthu mkati, n'kuyamba kugwira chanza aliyense pabalaza, ngakhale agogo amene akugona pampando kukamwa kuli yasa. "Well, that's me done," ankatero, kutanthauza kuti yawo yatha, aweruka. Kenako ankalunjika kuchitseko chenicheni.

Pamenepo ndiye pankayambira nkhondo. Ankadina manambala, chitseko osatseguka. Ankagogoda mwaulemu. Ankadinanso. Kenako chibakera, kenako kukuwa kuti basi iwasiya, mkazi wawo akudikira, chonsecho mkaziyo anamwalira zaka khumi zapitazo. Okalamba ena ankayamba kulira, wina kuponya supuni, ndiye nesi wa tsikulo ankabwera ndi kapiritsi koyera m'kakapu. Ikamakwana sikisi mkulu uja anali atafooka pampando, malovu ali chuchuchu pa tayi, chakudya osachikhudza. Tinayesapo kubisa DVD ija. Anaifuna masiku awiri akulira ngati mwana, mpaka Martha anatipempha kuti tibweze.

Tsiku limene ndinalakwa linali Lachiwiri, mu Okutobala. Ndinali nditaima pafupi ndi chitseko ndikupinda matawulo. Bambo Lenard anamaliza kugwira chanza anthu onse, n'kufika pa ine. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kundiyang'ana m'maso.

"Miss Taya, tagwira ntchito bwino limodzi. Tsalani bwino."

Ine ndikukuuzani zoona, sindinaganize chilichonse. Kwathu munthu akatsanzika sumuyankha uli chikhalire. Umadzuka, umamulandira katundu, umamuperekeza mpaka pamsewu, ndipo ngati ndi wamkulu umapitirira mpaka iye mwini atanena kuti bwererani apa. Amayi anga anandikwapulapo ndi patapata ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri chifukwa azakhali anatsanzika ine n'kungokweza dzanja ndili pamkeka. Zimenezi sizikhala m'mutu, zimakhala m'miyendo. Ndinangoona dzanja langa lalandira kachikwama, linalo ladina manambala, pakamwa panga n'kutuluka mawu oti, "Tiyeni ndikuperekezeni, bambo."

Tinadutsa m'khonde, tinadutsa polandirira alendo pamene panalibe munthu, tinatuluka pageti. Kamphepo ka kunyanja kaja kamene kamayamba masana kanali katafika. Mkulu uja anaima, n'kukoka mpweya ngati munthu amene wavuuka m'madzi. Kenako anandizungulira n'kukayenda mbali ya kumsewu, ati mwamuna salola mayi kuyenda kufupi ndi magalimoto. Pakona pali pokwerera basi, mapazi mazana awiri kuchokera pageti, ndinawerenga. Tinakhala pabenchi. Basi inabwera, dalaivala n'kutsegula chitseko, mtima wanga n'kuti phaa, ndazindikira tsopano chimene ndachita. Koma Bambo Lenard anayang'ana nambala ya basiyo n'kupukusa mutu.

"Si yanga imeneyi."

Inabweranso ina, si yawonso. Titakhala mphindi khumi ndinati, "Bambo, kunyumba chakudya chapsa."

"Zoona? Ndiye tikuchedweranji pano?"

Tinabwerera njira yomweyo. Polowa pachitseko chija anapukuta nsapato, anakoleka jekete, n'kupereka moni kwa onse ngati munthu amene wafika pakhomo pake. Anadya mbale yonse mpaka kupempha kasitadi wina. Kapiritsi koyera kanabwerera m'kabati.

Mnzanga wa shifiti imeneyo anali Chipego, mtsikana wa ku Zambia wa pakamwa posapsatira. Anandikokera kuchipinda chochapira, maso ali tong'o.

"Imwe ba Taya, mwafunta? Cathy akaziba, nchito yasila. Manje mwana muzamuuza chani?"

Cathy ndiye manejala wathu. Ndinamuuza Chipego kuti ndi lero lokha, sindidzabwerezanso. Mawa lake faifi koloko mkulu uja anafika pachitseko, sanadine n'komwe manambala, anangotembenuka n'kundipatsira kachikwama. Ndikanatani? Inuyo mukanatani? Ndinalandira.

Zinakhala choncho miyezi inayi, tsiku lililonse limene ndinali pa shifiti. Cathy ankaweruka hafu folo, wa polandirira alendo chimodzimodzi, ndipo Chipego ankatsala ndi enawo uku akung'ung'udza m'Chinyanja chake. Pabenchi paja ndinaphunzira zambiri. Ndinadziwa kuti bwana wawo woyamba ku Fremantle ankawerenga mapensulo Lachisanu lililonse. Ndinadziwa kuti anafunapo kukhala woyendetsa zombo, koma ana anabwera, nyumba inafuna kulipiridwa, ndiye anati chaka chamawa, chaka chamawa, mpaka tsitsi linayera. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Inu mwakhala nafe nthawi yaitali bwanji, Miss Taya?" Nditawauza kuti pafupifupi zaka ziwiri anaseka. "Mukadali mlendo. Musakhalitse, pano sipokhalitsa." Ndinaseka nawo.

Sindibisa, mphindi makumi awiri zimenezo zinali zanganso. Tsiku lonse ndimakhala m'fungo la mankhwala opopera ndi supu wa dzungu, mabelu akulira, mawindo osatseguka kupitirira chikhatho. Pabenchi paja ndinkamva mphepo m'khosi, ndinkaona zinkhwe zoyera zikukangana pamawaya, ndinkakhala munthu woperekeza mkulu wake basi.

Amene anandigwetsa si mdani, ndipo n'chimene chimandipweteka mpaka lero. Lachitatu lina mu Febuluwale Martha anabwera mochedwa kudzaona bambo ake, n'kutipeza pabenchi. Ndinati ndafa. Koma mayiyo anatsika m'galimoto akulira, anandikumbatira, ati sanawaonepo bambo ake ali osangalala chonchi chimwalirireni mayi ake. Anandifunsa kuti zinayamba liti, ine pakamwa mbwee, n'kumuuza zonse. Anatijambula pafoni, ine nditanyamula kachikwama, ndikumwetulira ngati chitsiru.

Lachisanu m'mawa Cathy anandiitana ku ofesi.

Cathy si munthu woipa, ndisamunamizire. Ndi mayi wotopa, wa makiyi ambiri m'khosi, amene amakumbukira tsiku lobadwa la wantchito aliyense. Anandiuza kuti ndikhale, anandikankhira mbale ya mabisiketi, n'kutembenuza kompyuta kuti ndione. Chithunzi chija chinali pamenepo, chachikulu. Pansi pake panali kalata ya Martha yoyamikira, yopita kwa Cathy komanso kulikulu la kampani, yopempha kuti andipatse mphoto ya wantchito wabwino wa mwezi. Analemba kuti mngelo ameneyu wakhala akuyenda ndi bambo anga kukafika pokwerera basi tsiku lililonse kwa miyezi inayi.

"Taya, ndiuze kuti si zoona," anatero Cathy.

"Ndi zoona."

"Zinalembedwa m'ndondomeko ya chisamaliro chawo?"

"Ayi."

"Unasaina m'buku kuti mwatuluka? Panali wantchito wachiwiri woyenda nanu?"

"Ayi."

"Chipego ankadziwa?"

"Ayi, ndinkamuuza kuti tili kumunda wa maluwa." Limenelo linali bodza, ndipo sindikulapa. Nayenso ali pa viza ngati yanga.

Cathy anavula magalasi n'kutikita maso. Anayamba kundiwerengera: mkuluyo akanagwa pamsewu, akanakwera basi, akanandikankha n'kuthamangira m'magalimoto, ndipo nthawi yonseyo anthu khumi ndi asanu ndi awiri ali ndi wantchito mmodzi. Ine magazi anali atayamba kuwira. Ndinayesa kudzigwira, ndinaluma mlomo, koma zinakanika.

"Tsegulani buku la mankhwala, Cathy! Tsegulani muone! Miyezi inayi, masiku anga onse, mkuluyo sanamwe piritsi ngakhale limodzi. Wanenepa makilo atatu. Kodi ndinamuba? Ndinamugulitsa? Ndinamuperekeza! Munthu watsanzika, ndimusiye azimenya chitseko ngati galu?"

"Ndaona bukulo," anayankha motsitsa mawu. "Ndinaliona usanalowe. Ndikudziwa kuti zimathandiza."

"Ndiye zilembeni m'ndondomekomo, zikhale zololedwa."

"Pamafunika antchito awiri otuluka naye. Faifi koloko ndi nthawi ya chakudya, ndipo m'chigawo chonse mumakhala awiri. Ndapempha wachitatu kawiri konse, likulu lakana. Ndikapemphanso, koma si lero kapena mawa." Anapumira m'mwamba. "Zikanathera pa ine ndikanangokudzudzula, n'kutseka nkhani. Koma kalatayi yafika kulikulu."

Kenako anatulutsa pepala. Linali lolembedwa kale, dzina langa lili pansi, pongodikira siginecha. Linkati ine Tayamika ndikuvomera kuti ndinatulutsa wokalamba popanda chilolezo, kuti ndinaika moyo wake pachiswe, ndipo ndikadzabwereza ndidzachotsedwa ntchito nthawi yomweyo. Ndikasaina, nkhani ithera pa chenjezo. Ndikakana, andiimitsa ntchito kuti afufuze, ndipo kampani siisainira PR munthu amene akufufuzidwa.

"Ndikasaina, fomu yanga mundisainira milungu isanu ikakwana?"

Cathy anayang'ana mabisiketi. "Akuti adzaionanso ukakhala miyezi ingapo popanda vuto."

"Ingati?"

"Sananene. Pita nalo kunyumba, ubwere nalo Lolemba."

Tsiku limenelo anandisamutsira kuchigawo china, kuseri kwa khoma. Faifi koloko itakwana ndinali ndikumwetsa tiyi gogo wina. Ndinamva kugogoda kwaulemu kuja. Kenako phokoso la chibakera, gu, gu, gu, ndi mawu akuitana Miss Taya. Tiyi anatayikira pa bulangete la gogoyo, ndinapepesa, n'kupita kukatenga lina.

Lamlungu titabwera kutchalitchi ndinaika pepalalo patebulo pamaso pa a Jailos. Amuna anga kwathu anali mphunzitsi wa sekondale, kuno amayendetsa folokolifiti, kagalimoto konyamulira mabokosi, kunyumba yosungira katundu ku Welshpool, ndipo chiyambireni ntchito imeneyo anaphunzira kuyankhula pang'ono. Anawerenga kawiri, n'kundipatsa cholembera.

"Sainani, make Mwawi."

"Mwawerenga bwinobwino? Akuti ndinaika moyo wa munthu pachiswe. Ine! Ndinachiritsa amayi ndi tochi ya foni magetsi atazima, sindinataye ngakhale mmodzi, lero ndilembe ndi dzanja langa kuti ndine woopsa?"

"Ndi pepala chabe."

"Pepala chabe? Nanga chatibweretsa kuno n'chiyani, si pepala? Inuyo dzulo lomweli anzanu a Benedict atatsanzika munawaperekeza mpaka pagalimoto, n'kuima pawindo theka la ola, mpaka mzungu woyandikana nafe anasuzumira kuti kapena pachitika ngozi. Ndiye ine ndalakwa chiyani?"

"A Benedict alibe fayilo," anatero a Jailos. "Walira mvula walira matope, mayi. Tinalifuna tokha dzikoli."

Ndinawatukwana mumtima, pakamwa ndinangoti asa. Ndinawauza kuti ndi amantha, kuti folokolifiti inawaphwanya msana, ndi zina zimene sindingabwereze pano. Iwo anangoloza ndi mutu kukhomo la kuchipinda. Mwawi anali ataima pamenepo, atavala yunifolomu yake ya netibo, nsapato zili m'manja. Anabwera kuno ali ndi zaka zisanu, ine ndili pa viza ya sukulu ndisanapeze ntchitoyi, pano ali ndi khumi ndi chimodzi. Chichewa amamva chilichonse, ngakhale chimene sukufuna kuti amve, koma kuyankha amayankha m'Chingerezi chotulukira m'mphuno.

"Mum, are we getting sent back?"

"Palibe akubwezedwa. Vala nsapato, uchedwa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, sanandikhulupirire. Mwanayu kumudzi amakudziwa pa foni basi. Anzake, sukulu yake, aphunzitsi ake, zonse zili kuno. Atatuluka ndi bambo ake ndinakhala ndekha ndi pepala lija, ndinalira mokweza ngati pamaliro, mwina mzungu uja anasuzumiranso. Nditatha ndinasamba kumaso n'kusaina.

Lolemba ndinali pa shifiti yoyamba teni koloko m'mawa kuweruka sikisi. Cathy analandira pepalalo, anandisisita paphewa, n'kunena kuti ndibwerere kuchigawo changa, chifukwa masiku atatu amenewo mkulu uja anavuta kwambiri ndipo mwina akandiona adekha. Pamwamba pa chitseko anali ataikapo kamera yatsopano. Manambala anali atasinthidwa, anandipatsa atsopanowo pakapepala.

Bambo Lenard ndinawapeza dzanja lamanja lili ndi bandeji. Sanakumbuke kuti anavulala bwanji. Anandiuza kuti mwina ndi kabati ya mafayilo, imakonda kuluma anthu.

Hafu folo anaika DVD yawo. Ndinayesa kudzitangwanitsa, ndinapukuta matebulo opukutapukuta kale, koma makutu anali pa TV. Kabwana kaja kanawerenga mitengo ya maambulera. Dzuwa linawala pawindo. Anthu osaoneka anaseka, kenako anasiya. Nesi wa tsikulo anali atakonzeratu kakapu ka piritsi, kali pa kauntala. Chipego anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Magetsi a pa TV anazima, chitseko chinatsekeka.

Anavala jekete movutikira chifukwa cha bandeji. Anagwira chanza onse ndi dzanja lamanzere, akupepesa kwa aliyense. Anafika pachitseko pamene ndinaima, nkhope yonse ikuwala, n'kundipatsira kachikwama.

Manja anga ndinali nditawabisa m'matumba a yunifolomu, ndipo ndinawakanikiza momwemo.

"Mr Lenard," ndinatero, "bwana akuti lero tisaweruke. Pali ovataimu."

Ndinayembekezera chibakera. Ndinayembekezera kukuwa, mwinanso ndinkakufuna, kuti andikalipire ndimve bwino. Koma munthu amene anakhala zaka makumi atatu ndi zinayi pa desiki imodzi sakangana ndi mawu a bwana. Kuwala kuja kunangozima. Anayang'ana wotchi yawo, anayang'ana chitseko, n'kutsitsa kachikwama.

"Mpaka nthawi yanji?"

"Sananene, bambo."

Anagwedeza mutu ngati zimenezi anazimvapo kambiri. Anavula jekete, analipinda bwinobwino pamkono, n'kukhala pampando umene uli pambali pa chitseko, kachikwama pamiyendo. Kenako anandiyang'anitsitsa. Ine misozi inali itayamba kale, yosapempha chilolezo.

"Musalire, Miss Taya. Mabwana ndi choncho, musawatengere kumtima." Anandisisita pamkono ndi dzanja la bandeji lija. "Ine ndikudikirani pompano. Mukamaliza titulukira limodzi."

Nesi anabweza piritsi m'kabati, n'kundikwezera chala chachikulu kuti ndagwira ntchito. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamuthyola chalacho.

Chakudya anakana, ati adyera kunyumba. Ola lonse anakhala pampando paja, msana uli chilili, ndipo ndikamadutsa ndi thireyi ankandikwezera nsidze kufunsa ngati ndatsala pang'ono. Ine ndinkati pang'ono, bambo. Ndinanena kanayi.

Sikisi inakwana. A shifiti yamadzulo analowa, tinapatsirana malipoti, ndinatenga chikwama changa m'loka. Njira yotulukira ndi imodzi, ndipo iwo anali pomwepo. Ndinaima kuseri kwa kabati ya matawulo ngati mwana wakuba shuga, mpaka Chipego anandimvera chisoni. Anapita ndi kapu ya tiyi, anagwada kumbali yawo, n'kuyamba kuwafunsa za zombo za ku Fremantle kuti atembenukire kwa iye. Atatembenuka ndinayenda chonyang'ama, nsapato osagunda pansi, n'kudina manambala anayi aja. Chitseko chimenechi chikamatseguka chimalira kuti tii.

Anamva.

"Miss Taya! Mwamaliza? Dikirani pang'ono, ndingovala jeketeli."

Ndinali kale kunja. Pa kagalasi ka pachitseko ndinawaona ataimirira, mkono umodzi uli m'jekete, winawo ukufufuza dzanja la jekete kumbuyo, akufulumira kuti asandichedwetse. Chitseko chimatenga masekondi atatu kuti chidzitseke chokha, ndipo ukachigwira ndi phazi chimaima. Sindinachigwire. Ndinachoka osatsanzika.